Kuyeza Mitengo ya Kumanda

Ndinafika chaka chachinayi pa yunivesite ndisakudziwa pamene amai anagona. Manda a mudzi wathu ndinkawadziwa, pakuti palibe angawaphonye. Ukatsika basi pa Chinyunyu nkulowa njira ya kumudzi, umadutsa minda ndi zitsa zokhazokha, kenaka umaona kankhalango kobiriwira kataima pakokha. Amenewo ndiwo manda. Koma mkati mwake ndinali ndisanalowemo, ndipo munthu mmodzi yekha amene akanandisonyeza malo a amai anali ambuya, amai awo a amai, amene anandilera. Chaka chimenecho maso awo anali atayamba kuchita nkhungu.

Amai anamwalira ndili ndi zaka zitatu. Atate anali atatsogola kale, ndipo anaikidwa ku Lusaka ndi abale awo amene sitinazolowerane nawo. Kwathu mwana sapita kumanda. Wamkulu nayenso samangolowako ngati akupita kudimba, amalowako tsiku la maliro basi. Ndili ku sekondale, akhristu a dera lathu, amene ali pansi pa mishoni ya ku Mpanshya, anayamba mwambo wokalambula manda kumayambiriro kwa Novembala, mwezi wokumbukira akufa. Ambuya sankapitako. Tsiku limenelo mawondo ankawapweteka. Ine ndinali mwana wosalankhulalankhula koma woyang'ana, ndipo ndinaona kuti mawondowo ankachira m'mawa mwake, nthawi yosenza dengu la tomato kupita kumsewu waukulu. Sindinawafunse. Sindinkadziwa poyambira funso lotero.

Bayoloje sindinaisankhe ndekha. Pa yunivesite, chaka choyamba onse a sayansi amaphunzira pamodzi, ndipo mayeso a kumapeto kwa chaka ndiwo amagawa anthu. Okhoza kwambiri amapita ku udokotala ndi uinjiniya, ena timatsalira. Nditabwera kumudzi kudzapuma, ndinawapeza ambuya akusankha mtedza pakhonde, ndipo ndinawauza.

"Manje jekeseni sudzabaya?" anafunsa.

"Iyayi, ambuya."

"Nanga udzachita chani?"

"Ndidzaphunzira zamoyo. Mitengo, tizilombo, nsomba, zonse."

"Mitengo waisiya kuno, nkukwera basi kukaifuna ku Lusaka." Anakoka fodya wawo wa m'mphuno, nkuyetsemula. "Chabwino, mkazi mnzanga. Bola ubwere ndi pepala, osati ndi mwana kumbuyo."

Ankanditcha mkazi mnzawo mwa nthabwala ya ambuya ndi mdzukulu, ngakhale mwamuna amene tikanalimbirana anali atamwalira kalekale.

Ku hositelo, chipinda cha anthu awiri tinkakhalamo asanu. Ine ndinkagona bedi limodzi ndi mtsikana wa ku Kitwe, wina mutu uku wina mutu uko, ndipo anali wokankha ndi mapazi. Tinkaphika pa kasitovu kamagetsi kamene kankabisidwa pansi pa bedi. Anzanga ankalankhula Chingerezi chosakaniza ndi Chibemba ndi Chinyanja cha m'tauni, mothamanga, ndipo ine ndikatsegula pakamwa ankamva kumudzi. Choncho ndinkatsegula pang'ono. Kumene ndinkapumako bwino kunali ku labu, chifukwa kumeneko kukhala chete si vuto.

Tsiku loyamba kusuzumira m'maikulosikopu ndinaona nsidze zanga zokha. Ndinazijambula pang'ono, mpaka bambo woyang'anira labu anadzandikonzera galasi. Pamenepo khungu la anyezi linaoneka, timabokosi tondondozana ngati njerwa za khoma. Ndinali nditasenda anyezi moyo wanga wonse. Ndinakhala ndikuyang'ana mpaka diso linatuluka misozi.

Lamulo la kujambula linali lakuti pensulo ikhale yosongoka, mzere ukhale umodzi, osapaka mthunzi, ndipo ujambule chimene ukuona, osati chimene chili m'buku. Ambiri ankakopera m'buku chifukwa cha m'buku ndi chokongola. Ine buku langalanga ndinalibe, ndipo la ku laibulale linkakhala m'manja mwa ena, motero ndinkajambula zimene zinali pamaso panga, zokhota ndi zong'ambika zomwe. Mamakisi anga oyamba abwino anachokera pamenepo.

Chaka chachiwiri anatipatsa makoswe oyera oti titumbule. Atsikana ena anathawira kukhomo, anyamata ena anayamba nthabwala zambiri, zimene zinasonyeza kuti nawonso akuopa. Ine ndinali nditatumbula mbewa kuyambira ndili wamng'ono, ndi kamtengo, mofulumira, matumbo nkuponyera nkhuku. Kusiyana kwake kunali kwakuti kuno palibe ankandifulumizitsa, ndipo kanthu kalikonse kamene kale ndinkaponyera nkhuku kanali ndi dzina ndi ntchito yake. Mnzanga wa ku Kitwe uja anagwira mphuno ndi dzanja limodzi, lina akulemba zimene ine ndinkatchula.

"Iwe ndiwe mfiti," anatero. "Sukunjenjemera ngakhale pang'ono."

"Kwathu timadya."

"Usanene mokweza, anthu angaleke kubwereka mapoto athu."

Chaka chachitatu tinalowa m'maphunziro a zomera. Pali chipinda china pa yunivesite chosungiramo masamba ouma, omatidwa pa mapepala olimba, chilichonse ndi dzina lake la Chilatini ndi malo amene chinathyoledwa. Mumanunkha mankhwala othamangitsa njenjete. Tinaphunzira kuthyola kanthambi kokhala ndi masamba, ndi maluwa kapena zipatso ngati zilipo, kukaika pakati pa manyuzipepala, kupanikiza ndi matabwa awiri nkumanga ndi mphira. Anatiuza mobwerezabwereza kuti dzina la mtengo lopanda tsamba lake losungidwa ndi mphekesera chabe, chifukwa wina sangabwere pambuyo pako kudzatsimikiza.

Chaka chomaliza aliyense amachita kafukufuku wake. Ine anandipatsa kwa mai wina wophunzitsa za nkhalango, wamfupi, wovala nsapato za kutchire ngakhale m'kalasi. Tinkawatcha ba dokota. Ndinalowa mu ofesi yawo ndilibe ganizo lililonse.

"Kwanu nkuti?" anafunsa.

"Ku Rufunsa."

"Kuli chiyani ku Rufunsa?"

Ndinaganiza za zimene munthu amaona ali m'basi. "Malasha," ndinatero. Masaka a malasha, ndiwo makala a mitengo, amandandalika m'mbali mwa msewu, kudikira magalimoto opita ku Lusaka.

Anati zimenezo nzokwanira. Ndikayeze mitengo imene ikuphukira pamalo amene anadulapo, ndione mitundu imene ikubwerera ndi imene yasowa. Koma kuti ndidziwe chimene chasowa, pankafunika malo ena osadulidwa, apafupi, a dothi lofanana, oyerekeza nawo.

"Ilipo nkhalango yoteroyo kwanu?"

"Kuli kumanda," ndinayankha ndisanaganize.

Ba dokota anakondwera. Anati manda asunga mitengo imene nkhwangwa yamaliza kwina konse. Ine ndinatuluka mu ofesimo. Ndinali nditapeza chifukwa cholowera kumanda chimene sichinali changa koma cha sukulu, ndipo ambuya anali asanandikanizepo chinthu chokhala ndi dzina la sukulu.

Ndinabwera kumudzi mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ndinayambira kumalo odulidwa. Ndinkakhoma zikhomo zinayi, kumanga chingwe mozungulira, nkuyeza mtengo uliwonse wa mkati mwa chingwecho. Tepi imazungulira thunthu pa msinkhu wa pachifuwa, ulembe kukula kwake ndi mtundu wake, uthyole kanthambi. Masiku oyamba owotcha malasha ankabisa nkhwangwa akandiona, poganiza kuti ndatumidwa ndi a zankhalango. Atazindikira kuti ndine mdzukulu wa mai wa tomato, anayamba kundiseka.

"Ba sayansi, mwayeza mitengo yonse, nafenso tiyezeniko m'chiuno."

Koma anandithandiza. Ankakumbukira kuti malo akuti anadulidwa chaka chimene wakuti anakwatira, malo akuti chaka cha njala, ndipo potero ndinayamba kudziwa kuti mtondo, msolo kapena msuku wophukira umakula bwanji pakapita zaka zakuti. Madzulo ndinkasintha manyuzipepala onyowa ndi kuyanika ena padenga la khitchini. Ambuya ankadandaula kuti mapepala abwino okulungira zinthu akuthera kufunditsa masamba.

Za kumanda ndinayamba ndafunsa mkulu wa mpingo, amene amatsogolera tsiku lolambula. Ndi bambo wodekha, wokonza njinga, amene anabwera m'mudzi mwathu kudzakwatira, pamene amai anali atamwalira kale. Ndinamupeza akumata chubu pansi pa mtengo wa mango. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, nati akalankhula ndi amfumu. Patapita masiku angapo anandiitana.

Anati ndikhoza kuyeza, koma tsiku lolambula lokha, anthu onse ali momwemo. Ndisakhome msomali kapena kupaka penti pa mtengo. Ndisaponde mitumbira, ndipo ndisaloze manda ndi chala. Ndisatulutse kanthu kalikonse, ngakhale tsamba limodzi, chifukwa cha kumanda chimatsala kumanda.

"Ndipo china, mwananga," anatero akupukuta manja. "Iwe uli ndi munthu mmenemo. Sungalowe ngati mlendo woyeza mitengo, amai ako nkumangokuona ukudutsa ndi chingwe. Akulowetse ambuya ako, akakuonetse kwa mwini wake. Ukatero gwira ntchito yako."

Ndinakwera kachulu ka kuseri kwa tchalitchi, pamene foni imagwira, nkuimbira ba dokota. Za masamba sizinawakondweretse. Anandikumbutsa za mphekesera zija. Ndinati sindingathe, ndipo sindidzabisa tsamba m'thumba.

"Ndiye ujambule," anatero. "Ndi foni, ndi pensulonso. Tsamba, khungwa, chipatso. Ukatuluka ufune mtengo wofanana nawo kunja, uthyole umenewo. Koma popanda malo achiwiriwo ulibe kafukufuku, wamva?"

Ndinamva. Zonse tsopano zinatsalira pa mawondo a ambuya.

Ndinawauza masana, tikusankha tomato wopita kumsewu, wakupsa mbali iyi, wosapsa mbali iyo. Iwo ankasankha ndi zala, osati ndi maso. Ndinafotokoza zonse monga mmene mkulu wa mpingo ananenera, osawonjezera changa. Sanaleke kusankha.

"Mitengo ya kwina yatha?"

"Yatha, ambuya. Ili m'masaka pamsewu."

"Nanga ku phiri?"

"Dothi la ku phiri ndi lina. Sangavomere."

"Aphunzitsi akowo ali ndi amai awo?"

"Sindidziwa."

Anatenga tomato mmodzi woola, nkumuponyera kutali kuposa mmene pankafunikira. Tinamaliza dengu lonse. Sanavomere ndipo sanakane. Kutatsala tsiku limodzi kuti tikalambule, ndinawapeza atatulutsa kakhasu kawo kakang'ono, akundiuza kuti mpini wagwedera, ndikaupereke kwa wokonza njinga aukhome.

Tinanyamuka m'mawa pamodzi ndi anthu ena, makasu pamapewa, azimayi atamanga zitenje za mpingo. Ine ndinanyamula chikwama cha tepi, chingwe, mapepala ndi mapensulo. Ambuya anagwira phewa langa njira yonse. Pamphepete pa nkhalango mkulu wa mpingo anatsogolera pemphero ndi nyimbo imodzi, kenaka anthu anabalalika, banja lililonse kwa akufa ake.

Chinthu choyamba chimene ndinamva chinali kuzizira. Kunja kunali kutayamba kale kutentha, koma mkatimo nthambi zinakumana pamwamba, ndipo pansi panali masamba ofewa okwirira phazi. Ndinaona milombwa ndi miwanga ya misinkhu imene ndinali nditaiona pa zithunzi zokha. Masuku anali atagwa paliponse, akuola, fungo lake ngati la mowa, chifukwa chipatso cha kumanda sichidyedwa. Manda atsopano ali chakumphepete, ena a simenti, ena a mitanda yachitsulo yolembedwa maina. Ambuya anandikankha phewa kuti tipitirire. Chamkati kunalibe simenti kapena chitsulo. Kunali mitengo, udzu wouma, ndi malo otsika pang'ono apa ndi apo.

Anaima, nkutembenukira kumanja. Tinayenda pang'ono, anaimanso, tinabwerera. Dzanja lawo linayamba kulemera paphewa panga.

"Pali chulu?" anafunsa.

"Chilipo, kutsogoloku."

"Chachikulu?"

"Chachikulu, chomera mitengo pamwamba."

"Tiye kumeneko. Chulu chinali kumutu."

Titafika anandiuza zimene ankakumbukira. Mtanda unali wa thabwa, ndipo anamva kuti moto wolusa unalowa m'manda chaka china nkutentha mitanda yonse ya mbali imeneyo. Anasiyapo kapu yachitsulo imene amai ankamwera. Tinafufuza m'masamba ndi mapazi ndi khasu, mosamala, koma kapu sitinaipeze. Amene anakumba mandawo ena anamwalira, ena anasamukira kutali.

"Panali msuku," anatero. "Waung'ono, wondifika m'chiuno. Ndinaugwira pamene ankakwirira."

Ndinayang'ana. Kumunsi kwa chulucho kunali misuku inayi.

Sindinawauze nthawi yomweyo. Ndinawakhazika pa muzu wa mlombwa, nkutulutsa tepi, chifukwa ndicho chokha chimene ndinkadziwa kuchita. Msuku woyamba unali waukulu, woti manja anga sanakumane kuseri kwake. Ndinali nditayeza misuku yambiri kumalo odulidwa, ya zaka zodziwika, ndipo panalibe ndi umodzi womwe wa zaka makumi awiri umene unayandikira pamenepo. Umenewu unali kale mtengo waukulu amai asanabadwe. Ndinauchotsa.

"Ilipo ingati?" anafunsa ambuya. Anali atamva tepi ikulira.

"Inali inayi. Yatsala itatu."

"Wathu subala. Ndinabweranso pa maliro a mng'ono wanga, nyengo ngati ino. Unali utandipitirira msinkhu, koma unalibe suku ngakhale limodzi, pamene ina yonse inali italemedwa."

Mwa itatuyo umodzi unali ndi zipatso mpaka nthambi kuwerama. Ndinadziwa kuti mtengo waung'ono ukhoza kuchedwa kuyamba kubala, choncho sindinafulumire kuuchotsa. Ndinauzungulira. Unamera pa mwala wotulukira pamtunda, ndipo mbali zonse khasu linkagunda mwala. Palibe akanakumba pamenepo. Iwiri inayo inalibe chipatso, pamwamba kapena pansi. Ndinawafotokozera ambuya kuti misuku ili ndi yaimuna ndi yaikazi, ndipo yaimuna imachita maluwa okha.

"Mwamuna," anatero. "Nchifukwa chake wangoima chilili anzake akugwira ntchito."

Anaseka pang'ono, ine ndinasekanso. Kenaka anafunsa kuti tsopano yatsala ingati, ndipo ndinati iwiri.

Inali yotalikirana ngati khomo la nyumba ndi nkhokwe. Uliwonse unali ndi malo otsika pambali pake, aatali ngati munthu, chulu chili kumutu. Ndinayeza woyamba, ndinayeza wachiwiri. Inasiyana ndi kachala kamodzi. Ndinayezanso, ngati kuti tepi ingasinthe maganizo. Ndinayang'ana makungwa, ndipo yonse iwiri inali ndi zipsera za moto kumunsi. Ndinayang'ana nthambi, ndinayang'ana mizu. Zimene ndinaphunzira zaka zinayi zinathera pamenepo.

Ndinawatsogolera ambuya ku woyamba. Anausisita ndi manja onse awiri, kuchokera m'chiuno kutsika, ngati akufuna pamene anagwira kale. Anatembenuka, nkuyang'ana kumene kunali chulu, ngakhale sindikhulupirira kuti ankachiona. Tinapita ku wachiwiri, anachita chimodzimodzi. Kenaka anakhala pansi pakati pa mitengo iwiriyo, miyendo atatambasula, kakhasu kali pamiyendo.

"Sindikudziwa," anatero.

Ndinakhala pambali pawo. Kutali anthu ankalima ndi kucheza, wina akuitana mwana wake wamkulu kuti abweretse chikwanje.

"Ndinkati ndikafika mapazi adzakumbukira okha," anapitiriza. "Chaka chilichonse ndinkati ndipite. Koma nditamva za moto uja ndinayamba kuopa. Kuima pamaso pa anthu, onse akudziwa pawo, ine osadziwa pamene ndinaika mwana wanga. Ukanakhala iwe ukanapita?"

Ndinati sindikudziwa. Zinali zoona.

"Makina akowo sanena?"

"Si makina, ambuya. Ndi tepi chabe."

"Nanga kusukulu kwanuko, kulibe woti angadziwe?"

Ndinaganiza za njira zimene tinaphunzira, zoyeza magazi ndi mafupa nkudziwa ubale wa anthu. Zonse zinkafuna kukumba. Ndinati kulibe.

Anatulutsa kabotolo ka fodya, nkukabwezanso osatsegula. Kenaka anandipatsa khasu.

"Lambula ponse pawiri. Winayo nayenso ndi mwana wa munthu, ndipo sindikumva aliyense akubwera kuno."

Ndinayambira pa msuku wa kumanzere. Ndinachotsa udzu ndi masamba, nkukokera dothi pakati kuti pakwere pang'ono. Ambuya ankazula udzu ndi manja pamene anakhala, nkumandiuza kuti ndisakumbe mozama, sindikupanga mizere ya mbatata. Nditamaliza ndinapita pa wa kumanja. Mkulu wa mpingo anadutsa, anaona mitumbira iwiri, anayang'ana ambuya, ndipo sanafunse. Anangoti tikamaliza timuitane adzapemphere.

Asanabwere, ambuya anandigwira dzanja nkundigwaditsa pa mtumbira woyamba. Anayamba m'Chisoli, chilankhulo cha makolo awo chimene ine ndimangomva theka, motsitsa mawu. Kenaka anabwerera ku Chinyanja, mwina kuti nane ndimve.

"Uyu ndi mwana wako uja. Wakula, ndi uyu. Salankhula kwambiri, watengera atate ake. Ali ku yunivesite, amaphunzira mitengo. Wabwera ndi chingwe, usadabwe."

Tinadzuka, tinapita pa wachiwiri, tinagwadanso. Ananena mawu omwewo, osasintha ngakhale limodzi. Atamaliza anawonjezera kuti, "Ngati si iwe, pepa. Umuuze mnzako ali apoyo."

Ntchito ya sukulu ndinaiyamba dzuwa litakwera. Zikhomo sindinakhome. Chingwe anandigwirira azimayi awiri amene anali atamaliza kulambula, ndipo ndinkazungulira mitumbira m'malo moidumpha, motero mizere yanga sinawongoke monga mmene buku limafunira. Ambuya anakana kubwerera kunyumba. Anakhala pa muzu uja nkumafunsa dzina la mtengo uliwonse umene ndafikapo, ndipo ndikatchula la Chilatini ankati ndileke kutukwana kumanda. Ndinajambula masamba ndili chiimire, kanthambi kali pamtengo pake. Ndinapeza mitundu ingapo imene kumalo odulidwa kunalibiretu. Anthu atayamba kutuluka ndinali ndisanamalize mbali ina, ndipo ndinaisiya, chifukwa wotsala yekha kumanda kulibe. Potuluka tinasamba m'manja m'beseni limene linaikidwa panjira, ndipo ndinakutumula chikwama ndi nsapato kuti tsamba lisatsalemo.

Masabata otsatira ndinayendayenda m'mphepete mwa minda ndi m'mbali mwa mtsinje kufuna mitengo yofanana ndi zojambula zanga. Yambiri ndinaipeza, ina ili tizitsa tophukira. Mitundu iwiri sindinaipeze konse, ndipo m'lipoti langa inalembedwa ndi dzina la banja lake lokha, ndi mawu akuti sizinatsimikizidwe. Ba dokota anandichotsera mamakisi chifukwa malo a kumanda anali ochepa poyerekeza ndi enawo, koma anati zojambula zikhale m'chipinda cha masamba chija. Ndinakhoza. Za misuku iwiri ija sindinawauze. Ili m'ndandanda wa mitengo pamodzi ndi inzake, uliwonse ndi kukula kwake.

Tsopano ndimaphunzitsa bayoloje pa sekondale ina m'boma lathu lomweli, ndipo Novembala aliyense ndimapita kukalambula. Anthu ena anandilangiza kuti ndiike mwala wolembedwa dzina pakati pa mitumbira iwiriyo, koma ambuya anakana. Anati pakati palibe munthu. Iwo sapitanso, chifukwa maso anatsekeka ndipo mawondo tsopano amapwetekadi. Ndikabwerako amandipeza ndi mawu ndisanatule khasu, kufunsa kuti ndayambira uti. Chaka china ndimayambira wa kumanzere, chaka china wa kumanja, ndipo iwo ndiwo amasunga kuti chaka chatha unali uti.